Dona wa a Chavula ndi Sitima ya a Longwe

Mu Geisha monse, dera lina la mu Mzuzu, munthu wokhala ndi makina otsukira mbale anali mmodzi yekha, a Stanford Chavula, ndipo sankalola kuti wina aiwale zimenezo. Mlendo akafika pakhomo pawo, kaya wabwera kudzabwereka wilibala kaya kudzanena za maliro, ankamulonjera bwinobwino, kumufunsa za ana, kenako n'kumutsogolera kukhitchini ngati kuti kuli khanda lobadwa kumene. Kumeneko, pakati pa sinki ndi kabati, panaima chibokosi choyera chofika m'chiuno, cha chitseko kutsogolo ndi kachitsulo kozungulira kopotokola poyatsa. Dzina lake linali Dona. Chaka chino mwana wawo Tina analamula kuti Dona achoke, apite kwa ogula zitsulo zakale, ndipo a Chavula, munthu waimvi mutu wonse, anakana kwamtuwagalu. Koma kuti mumvetse chimene chingakanganitse nkhalamba ndi mwana wake pa chibokosi, tiyambe kumene chibokosicho chinachokera.

A Chavula ndi mbadwa ya mu Mzuzu momwemo. Anakula tauniyi ikadali ya misewu yamatope, nkhungu ikatsika m'mawa n'kubisa ngakhale nyumba ya mnansi. Anaphunzira zamagetsi, n'kulembedwa ntchito pa esiteti ina kunja kwa tauni, yosamala mawaya m'nyumba za mabwana. Kumeneko ndiko anakumana ndi makinawa koyamba, m'khitchini ya mkazi wa manijala, dona weniweni amene dzinali linachokera. Makinawo akangotsokomola, ankaitanidwa ndi iwo, ndipo pokonzapokonza anawakonda. Ena amakonda mpira, ena mowa. A Chavula anakonda phokoso la madzi akuzungulira m'chibokosi chotseka.

Manijala uja atamaliza nthawi yake, katundu wa m'nyumba anamuyala pabwalo kuti antchito agule. Mkazi wa a Chavula, Elsie, amene aliyense ankamuitana kuti NyaLuhanga, anali atawatuma chinthu chimodzi chokha, makina osokera. Anawakumbutsa m'mawa, anawakumbutsanso ali pachipata. Madzulo ake thirakitala ya pa esiteti inaima pakhomo, ndipo amuna anayi anatsitsa makina, inde, koma osati osokera. NyaLuhanga anazungulira chibokosicho, Tina ali kumbuyo, n'kuyang'ana amuna awo amene ankamwetulira mpaka m'makutu.

"Awiske Tina," anatero mwakachetechete, akuwaitana ndi dzina la mwana monga amachitira kwawo, "kodi manja angawa akulakwirani chiyani?"

"Manja amenewo apume, anyina Tina," anayankha a Chavula. "Kuyambira lero mu Geisha muno muli madona awiri."

NyaLuhanga sanali mayi wa mawu ambiri. Anangopukusa mutu n'kukasuntha kabati kuti mlendoyo apeze malo.

Tsiku loyamba kuyatsa, anthu a mu Geisha akale sanaliiwale. Sopo wake weniweni wa makinawa m'masitolo a mu Mzuzu munalibe, ndiye a Chavula anati sopo ndi sopo, n'kuthira wa ufa wochapira zovala, kapu yodzaza. Posakhalitsa thovu linayamba kutuluka pansi pa chitseko, linadzaza khitchini, linatsika pakhonde mpaka nkhuku zinathawira kwa eni ake. Ana a m'dera lonselo anabwera kudzasewera nalo. A Chavula, buluku litanyowa mpaka m'mawondo, ankangofotokozera aliyense kuti imeneyo ndiyo mphamvu yake. Pambuyo pake anaphunzira kuthira soda pang'ono ndi kamchere, ndipo thovu silinabwerenso.

Munthu wonyada sasowa womuyesa. Wa a Chavula anali mnzawo wa m'kwaya kutchalitchi, a Herbert Longwe, kalaliki wa ku ofesi ya boma, wochokera ku Nkhata Bay, amene anamanga nyumba ku Luwinga. A Longwe atatopa ndi kumva za Dona Lamulungu lililonse, anakasaka awo. Anawapeza kwa mphunzitsi wina wachizungu wa pakoleji amene ankabwerera kwawo. Awo anali amtundu wina, akale kuposa Dona: chimgolo choyenda pa timatayala, chotsekulira pamwamba, chokhala ndi payipi ya labala yolumikiza kumpopi. Pansi pake panali chitsulo cha mapiko chimene chinkamwaza madzi m'mwamba mwaukali. Chikayamba kulira, mawindo ankanjenjemera. A Longwe, monga munthu wa kunyanja, anachitcha Sitima.

Kuyambira pamenepo amuna awiriwa analibenso nkhani ina. A Longwe ankati Sitima ili ndi mphamvu, imamenya mbale ndi madzi ngati mvula ya matalala, ndipo imamaliza Dona asanayambe n'komwe. A Chavula ankati mphamvu yopanda nzeru ndi ya ng'ombe. Dona ali ndi mkono wozungulira wa timabowo, amapopera madzi mbale iliyonse payokha, amawatenthetsa yekha ndi elementi, amatsukuluza, amaumitsa, ndipo zonsezo amachita mwaulemu, osadzutsa ana a anthu. A Longwe ankati Dona ndi waulesi. A Chavula ankati Sitima imaswa matambula, zimene zinali zoona. Ankakangana panjira yochokera kutchalitchi, ankakangana pamaliro cha kumbuyo kwa tenti, ndipo tsiku lina abusa anachita kuwalekanitsa pa mzere wa besi chifukwa ankanong'onezana mkati mwa pemphero.

Mlandu woterewu sungathe ndi pakamwa, ndiye unkaweruzidwa pa Khrisimasi ndi pa Pasaka. Mabanja awiriwa ankadyera pamodzi, ulendo uno ku Geisha, ulendo wotsatira ku Luwinga. Mkazi wa a Longwe, Selina, NyaManda, ankaphika kondowole, nsima ya chinangwa ija imene ikaumira pambale imakanirira ngati ulimbo, pamodzi ndi batala, nsomba yonona yochokera kwawo. Imeneyo ndiyo inali mayeso enieni, pakuti mbale ya mpunga ngakhale mphaka atha kuiyeretsa. Akatha kudya, ntchito inkagawidwa monga mwa mwambo wake. Kulongedza mbale m'makina ndi kugwira mbale zakuda, ndipo mwamuna woleredwa bwino wa nthawi imeneyo sankagwira mbale zakuda, alendo akuona ngakhale asakuona. Koma kupotokola swichi ndi zamagetsi, ndipo zamagetsi ndi za amuna. Choncho amayi ankatola mbale n'kupita nazo, amuna ankatsala pabalaza ndi tiyi wawo, mpaka mawu atamveka kuchokera kukhitchini akuti, "Zakonzeka."

Makina akamaliza, oweruza awiri aja ankavala magalasi. Tambula ankaikweza kuwindo. Mbale ankaipaka chala kuti amve ngati ikulira. Supuni ankainunkhiza, kufuna fungo la nsomba. Ndipo choonadi chiyenera kunenedwa ngakhale a Longwe akadali moyo: mbale za Sitima zinkatuluka zoyera ndithu, koma nthawi zina m'kapu munkatsala kamzere ka tiyi, kapena kamafuta kuseri kwa mbale. Za Dona zinkatuluka zili mbee, munthu n'kudziona nkhope. Zaka zonsezo Dona sanagonjepo. A Longwe ankanamizira madzi a ku Luwinga, ankanamizira soda, ankanamizira magetsi ofooka, kenako n'kunena kuti, "Ada Chavula, tidzaonana pa Pasaka."

Masiku wamba Dona ankapuma, chifukwa magetsi si a bambo ako. Ankagwira ntchito Lamulungu lokha, chakudya chamasana chikatha. NyaLuhanga akaitana, a Chavula ankalowa kukhitchini, kupotokola kachitsulo kaja, n'kukoka kampando kukhala pafupi. Ankati makina otere sasiyidwa okha, ayenera kumvetseredwa. Ndiye ankamvetsera, uku akulengeza: tsopano akutunga madzi, tsopano akutenthetsa, imvani, tsopano wayamba kutsukuluza. NyaLuhanga ankakhala pamkeka ndi singano zake, akuluka majuzi amene ankagulitsa kumsika nyengo yozizira. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, mvula yowaza ikugwa osaleka, chibokosicho chinkafunditsa khitchini yonse. Pakati pa kutunga ndi kutsukuluza pali nthawi yaitali, ndipo munthu sangakhale chete nthawi yonseyo. A Chavula ankasimba za kuntchito, za mabwana, za bambo awo amene sanawadziwe bwino. Sukulu ya Tina inakambidwa pamenepo, ukwati wake unakambidwa pamenepo, ngakhale nkhani ya kupuma ntchito, imene a Chavula ankaiopa, inatulukira pamenepo.

Zaka zinapita. Esiteti inasintha eni, Mzuzu anakula mpaka minda ya chinangwa inasanduka mapuloti, ku Luwinga kunadzaza ana a ku yunivesite ndipo a Longwe anamanga tizipinda kuseri kuti azibwereketsa. Anzawo a m'kwaya anatha mmodzimmodzi. Dona anachita chikasu m'mbali, labala wa pachitseko anasinthidwa ndi chubu cha galimoto, tiwaya toikamo mbale tinamangidwa ndi nsambo zamkuwa, koma ankayendabe. A Chavula ankamupukuta ndi kansalu kake kapadera, kamene wina akapukutira tebulo ankaona zakuda.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Chaka chatha NyaLuhanga anadandaula za chifuwa, anagonekedwa kuchipatala, ndipo sabata isanathe anatisiya. Ndinene mosabisa, zinali zomvetsa chisoni kuona a Chavula masiku amenewo. Sanalire mokweza monga ena. Ankangoyendayenda m'nyumba, kulowa chipinda ichi n'kutuluka, ngati munthu amene waiwala chimene amafuna. Tina, amene amaphunzitsa kusekondale ndipo amakhala ku Nkhorongo ndi banja lake, anawapempha kuti asamukire kwawo. Anakana. Anati nyumba siisiyidwa yokha. Tina anawapezera mayi wobwera kudzachapa ndi kuphika mkati mwa sabata, koma Lamulungu a Chavula ankafuna kukhala okha.

Lamulungu lina, achibale onse atabalalika, anadya okha nyemba ndi kondowole wotsala amene NyaManda anawatumizira. Atatha anayang'ana mbale zija. Panalibe woti aitane. Anazitola okha, koyamba m'moyo wawo, n'kuzilongedza mwa Dona pamodzi ndi makapu a tiyi a dzulo lake, n'kupotokola, n'kukoka kampando. Anamvetsera mpaka kumapeto, osalankhula. Atatsekula chitseko anangoti kakasi. Kondowole anali pomwepo, ndipo kutentha kunamuumitsa gwa kuposa poyamba. Msuzi wa nyemba unamwazikira m'makapu. Supuni zinali mbuu.

Anati n'kukalamba kwa makina, ndipo kukalamba kwa makina kumakonzedwa. Anatulutsa bokosi la zipangizo. Anamasula mkono wozungulira uja n'kutokosa timabowo tonse ndi singano. Anatsuka sefa. Anatsitsa pampu, kuiphwasula, kuibwezeretsa. Anayendayenda mu Mzuzu monse kusaka elementi, mpaka anaipeza kwa wokonza magiza otenthetsera madzi kumsika n'kuipinda kuti ikwane. Lamulungu lililonse ankayesanso, ndipo Lamulungu lililonse mbale zinkatuluka zakuda. Chimene chinkawadya mtima n'chakuti khutu lawo silinkapeza vuto. Dona ankatunga bwino, ankatenthetsa bwino, ankatsukuluza monga kale. Munthu amene anakonza mawaya a esiteti yonse anagwira njakata pa chibokosi chake chomwe. Anayamba kuwonda. Kukwaya anasiya kupita. Khitchini yonse inasanduka galaja, tizitsulo tili m'mbale zodyera.

Tsiku lina Tina atabwera kudzawaona anawapeza atakhala pansi, atatsamira kabati, dzanja lamanja litapsa pachikhatho. Anali ataiwala kuzula pulagi, iwo amene moyo wawo wonse ankakalipira anyamata a kuntchito pa nkhani yomweyo, ndipo magetsi anawagwira n'kuwaponya. Tina anawamanga bala. Atamaliza ndipo anaphulika.

"Adada, yayi. Zakwana. Amama ndawaika m'manda, sindifuna kukuikaninso inu chifukwa cha chitsulo. Anyamata ogula zitsulo aja abwere atenge."

"Chitsulo?" anatero a Chavula. "Iwe unakulira kutsogolo kwa Dona. Ukumutcha chitsulo?"

"Sakutsukanso, adada. Mwaona nokha."

"Akudwala chabe. Ndipo ngakhale akudwala, Sitima singamufike. Kafunse a Longwe."

Apa ndiye anapeza pogwira. Anati mlandu wa Dona suweruzidwa ndi mwana, uweruzidwa monga unkaweruzidwira kale. Sitima ibwere ku Geisha, makina awiriwa aime pamodzi, madzi amodzi, soda mmodzi, chakudya chimodzi. Dona akapambana, akhala, ndipo Tina asadzatchulenso za ogula zitsulo. Akagonja, apite. Tina anawayang'ana nthawi yaitali, ngati ali ndi mawu amene akumulemera, koma anangoti, "Chabwino, adada. Mwalonjeza nokha."

A Longwe, atamva, anasangalala ngati aitanidwa ku ukwati. Loweruka limene magetsi anaoneka kuti akhalitsa, Sitima inakwezedwa pa kapikapu, iwo ali pambali pake atagwirizira chivundikiro, ana a ku yunivesite akuwajambula ndi mafoni. Inafika ku Geisha masana, n'kukankhidwira kukhitchini pa timatayala take tolira.

"Mwatandala uli, Ada Chavula? Wodwala wanu ali bwanji?"

"Tatandala makora. Wodwalayo akuchititsani manyazi lero."

NyaManda anaphika monga kale, kondowole ndi batala, ndi chigwada chotendera. Anadya anthu anayi patebulo la anthu asanu, ndipo aliyense anayesetsa kusayang'ana mpando wopanda munthu. Atamaliza, NyaManda anadzuka n'kuyamba kusonkhanitsa mbale, koma a Chavula anakweza dzanja lomangidwa lija.

"Amama, khalani pansi. M'nyumba muno tsopano ndinu mlendo, ndipo mwini khitchini kulibe. Ine ndazolowera kulongedza ndekha."

"Yayi, adada, si ntchito yanu imeneyi. Ndingopita nazo kuseri pang'ono."

"Ngati Ada Chavula alongedza okha, inenso ndilongedza ndekha," anatero a Longwe, akupinda mikono ya shati. "Asadzanene kuti ndinathandizidwa."

NyaManda anayang'ana Tina. Tina anayang'ana pansi. Amuna awiri aja anagawana mbale mwachilungamo, iyi yako iyi yanga, ya kondowole wambiri mbali iyi ina mbali iyo, makapu mofanana. A Longwe ankagwira mbale ndi zala ziwiri ngati zikuluma, ndipo anachita kufunsa kumene masupuni amalowa m'makina amene akhala nawo zaka zonsezi. Anathira soda, anatseka, anapotokola.

Sitima inabangula, mawindo ananjenjemera monga kale, ndipo kwa kanthawi nkhalamba ziwirizo zinabwerera ku unyamata. Zinkafuulirana pamwamba pa phokosolo, uyu akuti tamverani mphamvu, uyo akuti tamverani ulemu. A Chavula anaseka koyamba chichitikire maliro. Sitima inamaliza msanga. A Longwe anafuna kutsekula, koma a Chavula anati adikire, atsekulire limodzi. Anadikira mpaka Dona atatsukuluza n'kuti zii.

A Chavula anatsekula chitseko cha Dona. Nthunzi itachoka, mtima wawo unagwa. Kondowole anali atamatirira m'mbale zonse, chigwada chili m'matambula. Sanafune n'kuvala magalasi komwe. Anangoti, "Basi," n'kukhala pakampando. A Longwe, akuyesa kubisa chimwemwe chifukwa cha ulemu, anatukula chivundikiro cha Sitima, n'kusuzumira, n'kukhala chosuzumira. M'menemo munali zoopsa. Minga za batala zinali zitamwazika paliponse, mafuta atapaka mbale zonse mofanana, ngakhale zimene zinalowa zoyerako, ndipo kondowole anali atakulungika pa chitsulo cha mapiko chija.

"Chiuta wane!" anafuula a Longwe. "Sabata yatha yomweyi inatsuka bwinobwino! NyaManda, sunaone wekha? Ndi madzi a ku Geisha amenewa!"

NyaManda anayamba kuseka. Anaseka atagwira m'mimba, anaseka mpaka anatsamira chitseko, ndipo kusekako kunasanduka kulira osadziwika pamene kunasinthira. Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Si madzi, awiske Zikani," anauza amuna awo. Kenako anatembenukira kwa a Chavula. "Adada, mundikhululukire. Makina awa, onse awiri, chibwerereni sanatsukepo mbale ya kondowole ngakhale imodzi. Mwina kwawo kumene anachokera amatsuka, kumene amadya buledi ndi timasamba. Kuno ayi. Mbale tinkayamba tatsuka ndife, ine ndi anyina Tina, n'kuzilowetsa zoyera kale. Makina ankangozisambitsa madzi otentha."

A Longwe anatsekula pakamwa, anatseka, anatsekulanso.

"Ndiye zaka zonsezi," anatero potsiriza, "Dona ankapambana bwanji?"

"Chifukwa mnzanga ankatsuka bwino kuposa ine. Ine ndinkafulumira, ndinkafuna ndikamwe tiyi asanazizire. Iye kapu iliyonse ankaipaka phulusa."

Nkhanga zinapangana kusanapse. Amayi awiri aja anasunga chinsinsi chawo Khrisimasi ndi Pasaka zonsezo, akumvetsera amuna awo akukangana za mikono yozungulira ndi mapiko, osaseka ngakhale kamodzi pamaso pawo. A Chavula anayang'ana Tina, ndipo nkhope ya mwanayo inawauza kuti nayenso ankadziwa.

"Ndinkawathandiza kutsukuluza ndili wamng'ono," anatero Tina. "Anandiletsa kunena. Ngakhale kuchipatala anandikumbutsa. Ndinkakuonani mukuphwasula pampu, adada, ndinkasowa chochita."

"Koma chifukwa chiyani?" anafunsa a Chavula. Sanafunse mwaukali. Anafunsa ngati mwana. "Ndinagula kuti manja ake apume. Ndiye ankagwira ntchito kawiri? Akanangondiuza, ndikanataya kalekale."

"N'chimene ankaopa," anayankha NyaManda. "Ulendo woyamba anatsekula yekha inu muli panja mukukolopa thovu lija. Anapeza mbale zili chonchi. Anati atakuonani mmene munkasangalalira, analibe mtima wokuuzani, ndiye anazitsuka msangamsanga n'kuzibwezera. Ine ndinamufunsa pambuyo pake, ndinati mnzanga, tidzavutika mpaka liti ndi zidole za amuna athu? Iye anati, NyaManda, ndiuze, mu Geisha monse muno ndi mkazi uti amene mwamuna wake amakoka mpando n'kukhala naye kukhitchini masana onse a Lamulungu, n'kumamuuza zakukhosi? Anati, ine mbale ndingatsuke ngakhale kakhumi."

Misozi ya a Chavula imene inakana kutuluka pamaliro inatuluka tsopano, ikutsika m'masaya mpaka pakolala, iwo osaipukuta. A Longwe, amene anabwera kudzapambana, anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali, akuyang'ana mkazi wawo chamchibisira ngati akumuona koyamba. Tina anagwada pafupi ndi kampando kaja.

"Adada, Dona akhale. Palibe wapambana. Tingodula waya kuti asakupwetekeninso, koma akhale pomwepo."

A Chavula anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Yayi, mwana wanga. Wagonja, ndipo ndinalonjeza. Miyezi yonseyi ndakhala ndikukonza chinthu chosawonongeka. Chimene chinachoka m'khitchini muno sichili m'pampu. Anyamata aja abwere Lolemba." Kenako anafunsa, "Ankatsukira kuti? Pasinki pano ndikanamva madzi ndili pabalaza."

"Kuseri, adada. Pampopi wa panja."

"Ndionetse."

Tina anawatsogolera pakhomo la kuseri. Kunja kunali kukuwaza kamvula ka Julaye, mphepo ikuchokera kumapiri. Mpopi unali pakona ya nyumba, wamfupi, pansi pake pali mwala wafulati wosalala chifukwa cha kuikapo beseni. Tina anafotokoza kuti amayi ake ankanjuta pamenepo, atawerama kwambiri kuti mutu usaonekere pawindo la pabalaza, ndipo mpopi ankautsekula pang'ono kuti usachite phokoso. A Chavula anakhala m'nyumba imeneyo moyo wawo wonse wa pabanja, ndipo mpopiwo anauika ndi iwo omwe, koma anali asanawerame pamenepo.

Anabwerera m'khitchini, anatulutsa mbale imodzi mwa Dona, ya kondowole wouma uja, n'kupita nayo kumpopi. Mawondo analira pamene ankanjuta. Tina anafuna kuwaletsa chifukwa cha bala, koma NyaManda, ataima pakhomo, anamugwira mkono. A Chavula anatsekula mpopi pang'ono, monga anauzidwira, n'kuika dzanja lamanzere m'madzimo. Analichotsa msanga, n'kuyang'ana mwana wawo.

"Madzi ake ankazizira chonchi?"

"Enya, adada. Nthawi zina kuposa pamenepa."

A Chavula anabwezera dzanja m'madzimo, anapempha phulusa, n'kuyamba kupala mbale ija.